Bilimankhwe akuphonya ndi lilime, miyendo ikukhota: vuto lili pati?

Wowerenga wina watitumizira imelo yokhudza bilimankhwe wake wa miyezi isanu, wa mtundu wa veiled, uja wa chisoti pamutu. Akuti amamusunga m'thanki yagalasi pafupi ndi windo, amamupatsa nkhululu tsiku lililonse, ndipo anamuikira kambale ka madzi pansi. Poyamba zonse zinali bwino, koma tsopano akaponya lilime akuphonya, miyendo yakutsogolo ikuoneka yokhota, komanso wagwapo kangapo panthambi. Akufunsa ngati chakudya chikuchepa, kuti mwina awonjezere.

Ayi, musawonjezere. Kanyamako kakukhuta ndithu, koma kashiamu sakufika m'mafupa. Zizindikiro zitatu mwatchulazo zikuloza ku matenda ofewetsa mafupa amene madokotala a ziweto amawatchula kuti metabolic bone disease. Kashiamu akachepa m'magazi, thupi limayamba kumuchotsa m'mafupa kuti mtima ndi minofu zipitirize kugwira ntchito. Mafupa amafewa n'kuyamba kupindika pamene sipayenera kupindika, chibwano chimalobodoka, zala zimalephera kugwira nthambi mwamphamvu. Lilime nalo limadalira kafupa ka pakhosi ndi minofu yoliponya, choncho kawirikawiri ndi limene limayamba kuulula vuto. Ana amene akukula mofulumira ngati wanuyo ndi amene amagwidwa msanga.

Pitani naye kwa dokotala wa ziweto wodziwa zokwawa sabata yomwe ino. Iye angathe kumujambula kuti aone ngati pali fupa lothyoka, n'kukupatsani kashiamu wamadzi pa mlingo woyenerana ndi kulemera kwake. Mwendo umene wakhota kale suwongokanso, koma mafupa amalimbanso, ndipo bilimankhwe angakhale zaka zambiri akuyenda bwinobwino. Podikira tsikulo, tsitsani nthambi zonse kuti zisakhale patali ndi pansi, yalani thaulo lofewa, ndipo musamunyamule popanda chifukwa. Musamukoke akagwira nthambi, chifukwa fupa lofewa limathyoka ndi kukoka pang'ono chabe.

Tsopano chimene chinabweretsa zonsezi. Choyamba ndi windolo. Anthu ambiri amaganiza kuti dzuwa lolowa pawindo n'lokwanira, koma galasi limatchinga pafupifupi kuwala konse kwa UVB, mbali ya kuwala kwa dzuwa imene maso athu saona. Kuwala kumeneku ndi kumene kumathandiza khungu kupanga vitamini D3, ndipo popanda D3 matumbo sangatenge kashiamu m'chakudya ngakhale mutamupatsa wochuluka bwanji. Wanuyo ali kuseri kwa magalasi awiri, la windo ndi la thanki. Kutentha kukudutsa ndithu, ndipo tsiku la dzuwa lamphamvu thanki yagalasi ingathe kumuphika wamoyo.

Gulani getsi la UVB la chubu chachitali la T5 HO, lolembedwa 5.0 kapena 6%. Mababu opiringizika aja musavutike nawo, amawalitsa kamalo kakang'ono kwambiri. Chubucho chikhale pamwamba pa khola, kutalika masentimita 20 mpaka 30 kuchokera panthambi imene amawothera, ndipo pakati pasakhale galasi kapena pulasitiki. Liziyaka maola 12, n'kuzima maola 12. Chimene chimapusitsa anthu n'chakuti chubu chimapitiriza kuwala ngakhale UVB atatha kalekale, choncho lembani pachubupo tsiku limene mwachiika, ndipo chisinthidwe chisanapitirire chaka chimodzi. Dzuwa lenileni la panja limaposa getsi lililonse, bola khola likhale la waya, likhale ndi mbali ya mthunzi, ndipo wina aziyang'anira.

Pambali pa chubucho pakhale babu wamba lotenthetsa. Pamalo owothera pazifika madigiri 29 mpaka 31 kwa mphongo yaikulu, koma kwa ana ndi akazi 27 mpaka 29 n'zokwanira. Chakumunsi kwa khola kuzikhala 22 mpaka 25. Yezani ndi themomita panthambi penipenipo, osati pakhoma la chipinda. Mukaona akuyasamula kukamwa pansi pa babu, watenthedwa, kwezani babulo. Usiku zimitsani zonse, ngakhale mababu ofiira amene amagulitsidwa kuti ndi a usiku. Bilimankhwe amafuna mdima ndi kuzizira, ndipo madigiri 15 mpaka 18 samuvulaza.

Chachiwiri ndi nkhululuzo. Mwachibadwa zili ndi fosifolasi wambiri kuposa kashiamu, zimene n'zosiyana ndi zimene mafupa akufuna. Nkhululu imene yakhala masiku m'bokosi ikudya katoni ili ngati thumba lopanda kanthu. Muzizidyetsa kwa tsiku limodzi kapena awiri musanazipereke: masamba obiriwira kwambiri monga mpiru, kuwonjezera karoti, dzungu, mbatata ndi papaya. Sipinachi ayi, chifukwa ali ndi zinthu zimene zimamanga kashiamu kuti asalowe m'thupi. Chakudya cha agalu kapena cha amphaka ayinso. Nkhululu zimanenepa nacho, koma mapuloteni ochuluka chotero amakabweretsa matenda otupitsa mfundo za miyendo kwa bilimankhwe.

Kenaka ufa. Pafupifupi nthawi iliyonse yodyetsa, ikani tizilombo m'kapu, thirani kashiamu wopanda D3 kakang'ono kotsina ndi zala, gwedezani, perekani nthawi yomweyo. Tizilombo tizioneka ngati tadutsa m'fumbi pang'ono, osati toyera mbee. Kawiri pamwezi, m'malo mwa kashiamu wamba, thirani ufa wa mavitamini wokhala ndi D3 ndi vitamini A. Apa musachite changu chofuna kubweza zimene zinasowa. D3 ndi vitamini A zimaunjikana m'thupi, ndipo zikachuluka zimawononga impso ndi ziwalo zina, nthawi zina n'kutupitsa pakhosi ndi pachifuwa. Amene akuweta mtundu wa Jackson, wa nyanga zitatu wochokera kumapiri a Kenya ndi Tanzania, achepetsenso kuposa apa, kamodzi pamwezi, chifukwa mtundu umenewu suchedwa kutupa ndi mavitamini, komanso umafuna malo ozizirirapo.

Pa kuchuluka kwa chakudya, wa miyezi isanu azidya tsiku lililonse m'mawa, tizilombo 8 mpaka 12 tosapitirira kukula kwa mpata wa pakati pa maso ake. Akamayandikira chaka muzichepetsa pang'onopang'ono mpaka tizilombo titatu kapena tinayi, kudumphitsa tsiku. Veiled ndi wadyera, amadya chilichonse chimene mwaika, ndipo wonenepa amaoneka ndi chisoti chofufuma m'mbali. Popeza lilime likuphonya, ikani tizilombo m'kakapu kosaya pafupi ndi nthambi yake kuti azitha kufikira. Muzisinthasintha: mphemvu zowetedwa za dubia, ziwala, mbozi za silika, ndi mphutsi za ntchentche ya black soldier, zimene zili ndi kashiamu wambiri mwa izo zokha. Mbozi zamafuta monga waxworm zikhale za apo ndi apo. Tizilombo togwira kunja tingakhale ndi mankhwala opopera mbewu, ndipo ziphaniphani musayerekeze n'komwe, zina zili ndi poizoni wopha abuluzi. Madzulo chotsani nkhululu zotsala, chifukwa usiku zimaluma bilimankhwe ali mtulo.

Kambale ka madzi kaja kachotseni. Bilimankhwe sazindikira madzi odekha m'mbale, amamwa madontho oyenda pamasamba. Popani madzi pamasamba ndi botolo lopopera kwa mphindi ziwiri kapena zitatu, m'mamawa magetsi asanayake komanso madzulo atazima. Masana ikani pamwamba pa khola kachidebe koboola ndi singano, kuti kazidontheza dontho limodzi pa sekondi imodzi kapena ziwiri patsamba limene angalifikire, ndipo pansi pakhale chotchera madziwo. Ambiri samwa munthu akuona, ndiye musadandaule ngati simunamuonepo. Yang'anani ndowe zake. Zimatuluka ndi kachigawo koyera, ndipo ngati kali koyera kapena kachikasu pang'ono kunsonga, madzi akukwana. Kakakhala kolimba, ka mtundu wa lalanje konsekonse, ndipo maso alowa m'kati, ali ndi ludzu lalikulu.

Thankiyo nayo ipume. Wamkulu amafuna khola la waya wa sefa la masentimita 60 m'lifupi, 60 m'litali ndi 120 kupita m'mwamba, lokhala pamalo okwera kuti aziona anthu ali pamwamba pawo. Mpweya uziyenda, khola liziuma pakati pa kupopera kwa m'mawa ndi kwa madzulo. Kutentha, chinyezi ndi mpweya wosayenda zikakumana zimabweretsa matenda a m'mapapo, ndipo mudzamuona akuloza mphuno m'mwamba, akupuma ndi pakamwa, malovu akutanuka. Ikani zomera zamoyo monga pothos, hibiscus kapena schefflera, zotsukidwa bwino, popeza veiled amadyako masamba. Pansi pasakhale utuchi kapena timiyala timene lilime lingatole pamodzi ndi chakudya. Ndipo azikhala yekha. Awiri m'khola limodzi, ngakhale asamenyane, mmodzi amada khungu, kusiya kudya n'kuyamba kuwonda.

Pali chimodzi chimene simunatiuze: ndi wamwamuna kapena wamkazi? Onani kuseri kwa mapazi akumbuyo. Mphongo ya veiled ili ndi kachotupa kosongoka pachidendene kuyambira tsiku lobadwa, wamkazi alibe. Ngati ndi wamkazi, nkhani ya kashiamu ndi yachangu kwambiri, chifukwa angayambe kupanga mazira pa miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo pang'ono, ngakhale asanaonepo mphongo, ndipo zikamba za mazirawo zimatenga kashiamu m'mafupa omwewo. Kudya kwambiri ndi kutentha kwambiri kumachulukitsa mazira, n'chifukwa chake tinati malo ake owothera akhale ozizirirapo. Muikireni m'khola chidebe chakuya masentimita 25 mpaka 30, chodzaza mchenga wosakaniza ndi dothi, wonyowa moti mukaboola ndi chala dzenjelo lisagumuke. Akayamba kuyendayenda pansi ndi kukanda m'makona, phimbani mbali za khola ndi nsalu, ndipo musamusuzumire akukumba, chifukwa akakuonani amasiya dzenjelo. Akakumba n'kusiya masiku angapo, kapena mukamupeza pansi atatsinzina masana, mazira akanirira m'mimba, ndipo ameneyo ngofunika dokotala tsiku lomwelo.