Bambo wa agogo anu anali mzungu, tsono muyambire pati?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amawerenga zolemba zanga. Akuti agogo awo aakazi anaberekedwa ndi mzungu, pabanja palibe wodziwa dzina lake, ndiye akufunsa ngati kuyezetsa DNA kungawathandize kumupeza. Achemwali, kalata yanu ndaiwerenga katatu, chifukwa nkhani yanuyi ndi yanganso.

Agogo anga obereka amayi anali oyera khungu, tsitsi lawo lofewa. Ndili mwana ndinkakonda kuwapesa iwo atawerama. Tsiku lina ndinawafunsa kuti, "Agogo, tsitsi limeneli munatengera ndani?" Anandilanda chipeso, n'kumanga mpango kumutu, osayankha. Anthu ankawatchula kuti mkaladi, ndipo ndinazindikira mochedwa kuti dzinali linkawabaya mumtima. Anatisiya ndisanafunsenso.

Nditakula ndinapeza kaundula wa ubatizo wa tchalitchi chimene anabatizidwirako. Buku lalikulu, mapepala ofiirira, m'mphepete modyedwa ndi njenjete. Pamalo olemba dzina la bambo panali kamzere basi. Pamalo a mayi panali dzina limodzi lokha, lopanda la makolo. Ndinakhala pamenepo nthawi yaitali, chala chili pa kamzereko.

Zaka zitatu ndinkangosaka mwini kamzereko. Ndinadziwa kuti ku England ndi ku Wales boma linayamba kulemba obadwa, okwatirana ndi omwalira mu 1837, ku Scotland mu 1855. Ku National Archives, kosungirako zolemba zakale za boma la Britain ku Kew, mu London, kuli mayina a anthu amene anakwera sitima zapamadzi kuchoka ku Britain kupita maiko akutali kuyambira 1890 mpaka 1960. Mzungu wa nthawi imeneyo amapezeka paliponse: pa kalembera, pa pasipoti, pa mabuku a ntchito, ngakhale pa mwala wa manda. Ndinapeza amuna atatu amene zaka zawo zinkagwirizana ndi nkhani yathu, koma pamenepo ndinagwira njakata.

Usiku wina mwana wanga anandifunsa kuti, "Nanga amayi awo a agogowo anali ndani?" Ndinasowa chonena. Zaka zonsezo ndinkathamangira mwamuna amene anachoka osasiya ngakhale dzina, kuiwala mayi amene anatsala, nalera mwana woyera khungu pakati pa anthu oloza zala. Iye sanakwere sitima, choncho palibe anamulemba. Ndinena mosapsatira: kufufuza bambo yekha n'kupitiriza chipongwe chomwe mayiyu anachitiridwa ali moyo. Ndipo ndimadana ndi chizolowezi chokometsera nkhanizi ngati zonse zinali zachikondi. Ena anakondanadi. Koma ena anali atsikana antchito m'nyumba ya bwana, opanda mphamvu yokana. Musaweruze musanadziwe, koma musadzinamizenso.

Za DNA tsopano. Timatenga theka kwa kholo lililonse, pafupifupi 25 peresenti kwa agogo, ndipo pafupifupi 12.5 kwa kholo la agogo. Mukalavulira m'kabotolo ka kampani yoyeza DNA ngati AncestryDNA kapena 23andMe, adzakuuzani kuti mbali yakuti ya DNA yanu ikufanana ndi anthu a dera lakuti. Dzina sakupatsani. Chothandiza ndi mndandanda wa anthu ena oyezetsa amene mumagawana nawo magazi, ndipo popeza oyezetsa ambiri ndi azungu, abale a mbali imeneyo ndi amene amatuluka msanga. Ena akayankha uthenga wanu mwachimwemwe, ena adzangoti zii. Konzekerani zonsezo.

Musataye ndalama poyezetsa Y-DNA. Imeneyo imachoka kwa bambo kupita kwa mwana wamwamuna yekha, ndiye mzunguyo atabereka mwana wamkazi, inathera pomwepo. Koma ilipo ina, mtDNA, imene mayi amapatsira ana ake onse. Tsiku limene ndinamva zimenezi ndinalira, chifukwa mtDNA ya mayi uja wa dzina limodzi inadutsa mwa agogo, mwa amayi, n'kufika mwa ine.

Poyambira penipeni

Pitani kwa wamkulu koposa amene ali moyo pabanja panu, sabata ino ndithu. Pemphani chilolezo chojambula mawu pafoni. Funsani dzina limene antchito anamupatsa mzunguyo, ntchito yake, chaka, ndi malo. Kenako makaundula a ubatizo, a sukulu za mishoni, ndi FamilySearch, yofufuzirapo mbiri ya makolo, yomwe ndi yaulere pa intaneti. Ngati mukuyezetsa, yambani ndi wamkuluyo, poti iye ali ndi DNA yambiri ya kholo mukulifunalo kuposa inu. Ndipo mukakhala nawo pansi achikulirewo, funso loyamba likhale dzina la amayi a agogo anu, mfunda wawo, ndi komwe anagona.