Za malire a kuya powedza rockfish ku California

Achimwene, mwati mnzanu wagula boti ndipo mukufuna kukawedza rockfish, nsomba zokhala m'miyala ya pansi pa nyanja, ku Monterey Bay, koma nkhani ya malire a kuya a 20 fathoms ndi 50 fathoms yakuzunguzani mutu. Langizo langa ndi lakuti musadalire kamakina kosonyeza kuya ka m'botimo.

Fathom imodzi ndi mafiti 6, choncho 50 fathoms ndi mafiti 300, pafupifupi mamita 91. Koma lamulo silitsata nambala imene kamakinako kakuwerenga. Malire enieni ndi mzere wolumikiza malo a GPS amene boma linalemba kale. Pansi pa nyanja pali maenje ndi zitunda, makamaka kwanuko kumene chiphompho cha Monterey Canyon chimayambira pafupi ndi gombe la Moss Landing. Pamene lamulo lalola kuwedza kutsidya kwa mzere wa 50 fathoms kokha, sikirini ikhoza kusonyeza mafiti 320 inu muli mbali yoletsedwa, ndipo oyang'anira akakupezani, chindapusa sichingakuphonyeni. Tengani malowo pa webusaiti ya California Department of Fish and Wildlife, nthambi ya boma yoyang'anira nsomba ndi nyama zakutchire, muwalowetse mu GPS boti lisanalowe m'madzi.

Malirewa sanaikidwe pongofuna kuvutitsa asodzi. Rockfish ili ndi kathumba ka mpweya m'thupi. Mukaikoka kuchokera pansi penipeni, mpweyawo umafufuma, maso amatong'oka, chifu n'kutulukira kukamwa. Mukangoiponyanso m'madzi imayandama, kumira osatha, mpaka mbalame kuitola. Ndiye kunena kuti "ndikagwira yoletsedwa ndiibweza" sikuipulumutsa. Mitundu ngati yelloweye imakhala zaka zoposa 100 ndipo imachedwa kuswana; ikatha, kuti ibwerere pamafunika zaka zambirimbiri. N'chifukwa chake kuyambira 2002 boma limatseka madera ena potsata kuya kumene nsomba zoterezi zimakhala.

Gulani descending device, ndipo ikhale yomangiratu pa ndodo yakeyake. Ndi kachipangizo kogwira nsomba pamlomo, kokhala ndi chitsulo cholemera chimene chimaitsitsa pansi, mpweya uja n'kuphwa. Nsomba zambiri zimapulumuka mukachita changu.

Komanso musatsate zimene anzanu anawedzera chaka chatha. Gombe la California linagawidwa m'zigawo, chilichonse ndi miyezi yake, ndipo malamulo amasintha ngakhale pakati pa nyengo, monga zinachitikira mu 2023 chifukwa cha quillback rockfish. Mu 2024, miyezi ina ankalola kuwedza kumtunda kwa mzere wa 20 fathoms kokha, miyezi ina kutsidya kwa mzere wa 50 fathoms kokha. Onani tsamba la groundfish (nsomba za pansi pa nyanja monga rockfish) pa webusaiti ija usiku woti mawa mukunyamuka, ndipo aliyense wazaka 16 kupita m'mwamba akhale ndi layisensi yake m'thumba.