Mapiritsi a mavitamini, mandimu ndi bulugama: kodi zikuteteza amayi ku Covid-19?

Chakumayambiriro kwa 2021 ndinalandira kalata kuchokera kwa mlongo wathu wina amene ankagwira ntchito yosamalira okalamba ku Leeds, m'dziko la Britain, ndipo yankho lili m'munsimu ndi la nthawi imeneyo. Ndaifupikitsa, ndipo dzina lake ndalibisa monga anapempha:

"Amayi anga ali kumudzi ku Ntcheu, ali ndi zaka 67, amadwala shuga ndi BP. Kuyambira Januwale ndakhala ndikuwatumizira mapiritsi a vitamini C, vitamini D ndi zinki, ndipo akundidyera ndalama zambiri. M'mawa uliwonse amamwa tiyi wa mandimu, jinja, adyo ndi uchi, madzulo amadzifukiza ndi masamba a bulugama. Mng'ono wanga amene amakhala nawo ali pa ma ARV, nayenso akumwa mapiritsi omwewo. Kodi zimenezi zikuwateteza? Ndipitirize?"

Achemwali, mantha anu ndikuwamvetsa. Mu Januwale 2021 aliyense amene ali ndi kholo lokalamba sanaone tulo. Pa 12 Januwale 2021 tinataya nduna ziwiri tsiku limodzi, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, ndipo tsiku lomwelo Pulezidenti wa nthawiyo, a Chakwera, analengeza kuti dziko lili pa ngozi. Bwalo la masewera la Bingu linasanduka chipatala. Munthu ukakhala kutali, mtima umafuna utumize kanthu kogwirika, ndiye munachita zimene mwana wokonda mayi ake amachita. Koma yankho langa ndi lakuti mapiritsi atatuwo sakutchinga Covid-19 pakhomo pa amayi, ndipo ndalama zimenezo zili ndi ntchito zina zimene zingawasungedi moyo.

N'zoona kuti chitetezo cha m'thupi chimafuna vitamini C, vitamini D ndi zinki kuti chigwire ntchito. Munthu amene zinthuzi zamuperewera amadwaladwala, ndipo akapatsidwa amapezako bwino. Apa ndi pamene ogulitsa amatigwirira, chifukwa amatisiya tikuganiza kuti ukamwa zambiri chitetezo chimakweranso kwambiri. Sizili choncho. Mtsuko ukadzaza, madzi owonjezera amangotayikira pansi.

Nkhaniyi madokotala anaiyesa pa odwala Covid enieni, ndipo zotsatira zinatuluka mwezi wa Febuluwale 2021. Ku America, a chipatala cha Cleveland Clinic anatenga anthu 214 odwalira kunyumba n'kuwagawa panayi: ena vitamini C wokwana mamiligalamu 8,000 patsiku, ena zinki wa mamiligalamu 50, ena zonse ziwiri, ena osalandira chilichonse mwa izi. Masiku amene anatenga kuti apeze bwino sanasiyane kwenikweni, mpaka kafukufukuyo anamuimitsa asanafike kumapeto poona kuti palibe phindu. Chimene chinaonekera n'chakuti omwa vitamini C wambiriyo ndi amene ankadandaula nseru, kupotokola m'mimba ndi kutsegula m'mimba. Ku São Paulo m'dziko la Brazil anayesa vitamini D pa odwala 240 ogonekedwa m'chipatala. Theka analandira mlingo waukulu kwambiri kamodzi, theka analandira mankhwala ongoyerekezera. Vitamini uja anakweradi m'magazi, koma magulu onse awiri anagona m'chipatala masiku ofanana, pafupifupi sabata imodzi.

Vitamini C sindichedwapo. Mayi wamkulu amafunika mamiligalamu 75 patsiku, pamene magalamu 100 a gwafa ali ndi oposa 200. Nyengo ya magwafa ikafika, ku Ntcheu ana amachita kuponyerana. Akatha magwafa kubwera manachesi ndi malalanje, kenako malambe, mapapaya, mango ndi masuku. Kupyola mamiligalamu 2,000 patsiku kumatsegula m'mimba ndipo kwa ena kumayambitsa timiyala mu impso, ndiye kumbukirani kuti impso za munthu wa shuga ndi BP zimakhala zili kale pa ntchito yolemetsa.

Vitamini D yekhayo musamutaye, koma womufuna ndinu. Khungu limapanga vitamini ameneyu likawombedwa ndi dzuwa. Ku Britain dzuwa la pakati pa Okutobala ndi Malichi ndi lofooka, n'chifukwa chake a NHS, bungwe la boma la zaumoyo kumeneko, amalangiza anthu kumwa mamaikulogalamu 10 patsiku m'miyezi imeneyo, ndipo akhungu lakuda ngati ife, makamaka ogwira ntchito m'nyumba tsiku lonse, amatilangiza kumwa chaka chonse. Amayi amene amapita kudimba, kuyanika ufa ndi kukhala pakhonde masana ali m'dziko lina ndithu. Komanso vitamini D satuluka msanga ndi mkodzo monga amachitira vitamini C. Amaunjikana m'thupi, ndipo akachulukitsa amakweza kashiamu m'magazi n'kuvulaza impso.

Pa zinki ndichedwapo, chifukwa apa mwina munalondola osadziwa. Kafukufuku wa boma wa michere ya m'thupi wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti pafupifupi anthu 6 mwa 10 aliwonse m'Malawi ali ndi zinki wochepa m'magazi, ana ndi akulu omwe. Gwero lake lili m'mbale yathu. Timakhuta nsima, ndiwo n'kukhala zongonyambitira, ndipo m'chimanga muli chinthu chotchedwa phytate chimene chimamanga zinki m'matumbo kuti asalowe m'magazi. Ndiye n'kutheka ndithu kuti amayi amaperewera zinki. Koma yang'anani pa botolo limene munatumiza. Ena mwa mapiritsi ogulitsidwa m'masitolo amakhala a mamiligalamu 25 kapena 50, pamene malire a munthu wamkulu ndi 40 patsiku, ndipo mayi amangofunika pafupifupi 8. Munthu akamwa zinki wambiri kwa miyezi, thupi limaleka kuyamwa kopa, mchere wina wofunika popanga magazi ndi posamala mitsempha. Zotsatira zake ndi kuchepa kwa magazi ndi dzanzi la kumapazi. Choopsa kwa amayi n'chakuti dzanzi limenelo aliyense adzati ndi shuga, osaganizako za botolo lili pawindo. Zinki wopanda chiopsezo chotero ali mu usipa, matemba, mazira, chiwindi, nyama ya mbuzi, ngumbi, nthanga za maungu, mtedza ndi nyemba zoviika usiku wonse musanaphike.

Tsopano za mng'ono wanu, ndipo izi muimbireni lero lomwe. Kuyambira 2019 anthu ambiri a pa ma ARV kuno kwathu anawasinthira ku mankhwala okhala ndi dolutegravir. Mankhwala amenewa akakumana m'mimba ndi zinki, ayironi, kashiamu kapena magineziyamu amagwirana nazo, ndipo gawo lina limangodutsa osalowa m'magazi. Munthu amaona ngati akumwa mokhulupirika, chonsecho mphamvu ya mankhwala ikuchepa, kachilombo n'kupeza mpata wochulukana. Lamulo lake ndi kumwa ma ARV maola 2 musanamwe mapiritsi oterowo, kapena patatha maola 6 mutawamwa. Chabwino koposa, asiye zinkiyo, ndipo tsiku lokatenga mankhwala anyamule mabotolo onse akawaonetse anamwino. Chitetezo cha mng'ono wanu chili m'piritsi la tsiku ndi tsiku limene amalandira kwaulere lija.

Tiyi wa mandimu, jinja ndi adyo sindilimbana naye. Amafewetsa pakhosi, amathandiza munthu kumwa madzi, ndipo amakhazika mtima pansi. Kachilombo kokha sapha, chifukwa iko kamakhala mkati mwa maselo a m'mphuno ndi m'mapapo, kumene tiyi safika. Chondidetsa nkhawa ndi uchi. Anthu ambiri amati uchi ndi wachilengedwe ndiye sukweza shuga, koma umakweza ndithu. Masupuni awiri m'mawa uliwonse kwa miyezi itatu si nkhani yaing'ono kwa munthu wa matenda amenewa. Amwe tiyi wawoyo wopanda uchi ndi shuga.

Kufukiza kokha ndikupempha kuti asiye. Nthunzi imatsegula mphuno kwa kanthawi, basi. Kwa anansi athu ku Tanzania boma lenilenilo linalimbikitsa kufukiza, koma matenda sanaleke kupha anthu. Mayi wa zaka 67 wa BP akadzifundika bulangeti pamwamba pa poto wa madzi owira angathe kuchita chizungulire n'kugwera momwemo, ndipo chilonda cha moto pa munthu wa shuga chimavuta kupola. Palinso vuto lina lobisika: anthu ena amene anafika kuchipatala mochedwa anataya masiku akufukiza, mpweya ukutsika m'magazi iwo akuti tiyeseko kachikenanso. Ndionjezerepo za mankhwala a dexamethasone, amene ena akumagula okha atamva kuti amachiza Covid. Kafukufuku wa ku Britain wa Juni 2020 anaonetsadi kuti amapulumutsa odwala amene ali pa okosijeni, koma kwa amene sanafike pamenepo sathandiza, ndipo amakweza shuga koopsa. Asalowe m'nyumba ya amayi popanda dokotala.

Nanga ndalamazo zipite kuti? Poyamba ku mankhwala a shuga ndi BP. Chimene chimaika amayi pa chiopsezo ndi msinkhu wawo ndi matenda awiriwa, ndipo odwala shuga amene shuga wawo amakhala wokwera ndi amene Covid imawagwetsa kwambiri. Msinkhu sitingaubweze, koma shuga tingamugwire. Mu 2020 okalamba ambiri analeka kupita ku sikelo yawo ya mwezi ndi mwezi poopa kukatenga matenda kuchipatala, ena anapita n'kupeza mankhwala atatha. Afunseni amayi mwachindunji kuti m'thumba mwatsala mapiritsi a masiku angati, ndipo musakhutire ndi yankho lakuti "alipo". Muziika padera ndalama ya thiransipoti ndi yogulira mankhwala kufamase akasowa kuchipatala. Kamakina koyezera shuga ndi timapepala take, ndiponso koyezera BP, zingachite zambiri kuposa mabotolo onse munatumiza aja, bola mng'ono wanu aphunzire kuyeza ndi kulemba m'kope.

Chachiwiri ndi ndiwo. A zaumoyo amatiphunzitsa za magulu 6 a zakudya: zokhutitsa, zanyama, zanyemba, masamba, zipatso ndi zamafuta. Kumudzi gulu limene limasowa kawirikawiri ndi la zanyama, choncho ndalama ya usipa ndi mazira sabata iliyonse ikhale yosaphonya. Masamba nthawi ya mvula amakhala mbwee: nkhwani, chisoso, bonongwe, khwanya, kholowa. Chimene chimawononga ndi kaphikidwe. Soda kapena chidulo chimapha mavitamini ena, ndipo masamba owiritsa mpaka kuda amakhala atataya zambiri. Aziphika mwachangu, madzi ochepa, otendera kapena othira timafuta pang'ono kuti vitamini A alowe bwino m'thupi. Nsima ikhale ya mgaiwa, mitanda ichepe, ndiwo zichuluke. Sobo, Fanta ndi thobwa lothira shuga azisiyire alendo. Mchere wa tsiku lonse usapose kasupuni kamodzi ka tiyi, magalamu 5, kuwerengera ndi uja wabwera kale ndi nsomba zouma.

Muwauzenso chochita akadwala. Munthu wa shuga akataya chilakolako cha chakudya koma n'kumamwabe mapiritsi a shuga a glibenclamide kapena kubaya insulini monga mwa masiku onse, shuga angatsike mpaka kukomoka. Akamasanza kapena kutsegula m'mimba, mankhwala ena a shuga a metformin nawo amafuna malangizo a dokotala. Choncho akangomva kutentha thupi, chifuwa kapena kufooka, ayezetse msanga Covid ndi malungo omwe, amwe madzi ambiri, ndipo ayimbe nambala yaulere ya Chipatala cha pa Foni. Akayamba kubanika, kupweteka pachifuwa, kusokonezeka mutu kapena kugona kosadzutsika, galimoto ipezeke nthawi yomweyo, usiku kapena usana.

Za kakhalidwe, amayi akumudzi safuna kuuzidwa za masewera olimbitsa thupi. Asaleke kuyenda ndi kugwira tintchito tawo chifukwa cha mantha, popeza kukhala pamphasa tsiku lonse kumakweza shuga ndi BP yemwe. Ngati amaphikira m'khitchini yotseka, utsi wa nkhuni ukuwononga mapapo amene tikufuna kuwasunga, ndiye aziphikira pamalo podutsa mphepo. Chovuta kwambiri ndi maliro. Kuuza mayi wachikulire kuti asakagone pa siwa ndi kumuuza kuti adzichotse pakati pa anzake, ndipo sadzamvera. Gwirizanani nawo zotheka: apite masana, akhale panja, avale chotchinga pakamwa ndi mphuno, asalowe m'nyumba yodzaza anthu oyimba usiku wonse. Kachilomboka kamafala kwambiri m'chipinda chotseka momwe anthu apanikizana. Nyengo yozizira ikafika, anthu amayamba kutseka mawindo.

Katemera anafika m'Malawi pa 5 Malichi 2021, mlingo wokwana 360,000 wa AstraZeneca kudzera mu COVAX, ndondomeko yogawira mayiko katemera, ndipo a Chakwera anabayitsa poyera ku Zomba pa 11 Malichi. Anthu a zaka 60 kupita m'tsogolo ndi odwala matenda ngati shuga anaikidwa m'gulu loyambirira, kutanthauza kuti amayi anayenera pa zifukwa ziwiri. Pa zonse zodzitetezera zimene tatchula muno, ichi chokha ndi chimene chinayesedwa pa anthu masauzande ambiri n'kuoneka kuti chimachepetsa kudwala kwa kayakaya. Ndikudziwa mauthenga amene ankazungulira pa WhatsApp, a 666 ndi a kuundana kwa magazi. Mayiko ena a ku Ulaya anaimitsadi katemerayu kwa masiku angapo, koma pa 18 Malichi 2021 bungwe loona za mankhwala kumeneko linati ubwino wake ukuposa kutali chiopsezo chake, ndipo kwa munthu wa msinkhu wa amayi mpamene kusiyanako kumakula. Inu osamalira okalamba ku Britain munali m'gulu loyamba kubayidwa kuyambira Disembala 2020. Ngati munabayitsa, ajambulireni khadi lanu muwatumizire, muwauze m'mene mkono unawawira ndi tsiku limene unaleka. Mawu a mwana wawo adzawamva kuposa a pa wailesi. Ndalama ya mapiritsi ya mwezi uno ikhale ya kabaza wopita nawo kukabayitsa, ndipo mng'ono wanu akafunse komweko za tsiku lake.