Mkodzo wa agogo ukanunkha, tithamangire makapusozi?

Funso: Zikomo adokotala. Ndimagwira ntchito pa nyumba yosamalira okalamba kuno ku Ulongwe, Angónia. Pali agogo ena aakazi mkodzo wawo masiku ano ukununkha kwambiri komanso ndi wachikasu chakuda, anzanga akuti tingowagulira mankhwala opha mabakiteriya a Bactrim kapena cipro pa farmasiya ngati mmene timachitira nthawi zonse koma agogowo sakudandaula kalikonse, nsima akudya bwinobwino. Tigule? Mayi wa ku Ulongwe

Yankho: Ayi mayi, musagule. Fungo ndi mtundu wa mkodzo pazokha si matenda, nthawi zambiri ndi madzi achepa m'thupi basi. Okalamba samva ludzu msanga, ena amachita kukana dala kumwa poopa kudzuka usiku kapena kunyowetsa pogona, ndiye kutentha kwa mu Okutobala kukabwera mkodzo umada ndithu. Ikani kapu pafupi ndi mphasa yawo, muziwapatsa pang'onopang'ono tsiku lonse, olo thobwa, muone masiku awiri.

China chomwe ambiri sadziwa, m'nyumba za okalamba amayi 25 mpaka 50 pa 100 alionse amakhala ndi mabakiteriya mu mkodzo osadwala ayi, ndiye olo ku labu awapeze sikuti ayambe mankhwala ngati palibe chikuwawa. Mukamangowamwetsa, tizilombo ngati E. coli timazolowera, tsiku lomwe adzadwale zenizeni Bactrim uja sadzagwiranso, komanso mankhwalawa amatha kuwatsegula m'mimba koopsa agogo ofooka kale. Izi zimandiwawa mtima chifukwa mu 2019 mokha anthu pafupifupi 1.27 miliyoni padziko lonse anafa ndi tizilombo tosamva mankhwala.

Koma akamamva kuwotcha pokodza, kukodza pafupipafupi kuposa kale, kupweteka pachinena kapena m'mbali mwa msana, kutentha thupi kapena kunjenjemera, musachedwe, pitani nawo kuchipatala tsiku lomwelo akawaone, mankhwala alembe ndi adokotala ndipo amwe masiku omwe auzidwa. Akangosokonezeka mutu mwadzidzidzi pitaninso, akayezedwe malungo ndi shuga, musangoti ndi chikhodzodzo. Mukaona magazi mu mkodzo nenani ngati ankasamba kapena kuchapa kumtsinje, likodzo kuno ku Tete liliko ndipo mankhwala ake ndi praziquantel osati cipro.

Anzanuwo auzeni kuti tsiku ndi tsiku muzilemba mu kope mmene agogo amwera madzi ndi kutentha kwa thupi lawo, kopelo muzipita nalo kwa anamwino.