Mapu a m'buku la agogo, musawadule chonde

Bambo wina wa ku Zomba wandilembera imelo sabata yathayi. Akuti posanja katundu wa malemu agogo awo, omwe anali mphunzitsi wa kumishoni, apeza m'sutikesi buku la David ndi Charles Livingstone lofotokoza ulendo wa pa Zambezi ndi Shire, mapu opinda ali kumapeto kwake. Chikuto chayamba kuyoyoka, ndiye akufunsa ngati angadule mapuwo ndi zithunzi zina, akamatitse pulasitiki, n'kuzipachika pabalaza.

Ayi bambo, musatero. Funso lanuli landikhudza chifukwa mabuku ambiri otere afera pa lumo la munthu amene ankati akuwapulumutsa.

Ngati patsamba loyamba pali dzina la wosindikiza John Murray, London, ndi chaka cha 1865, muli ndi Narrative of an Expedition to the Zambesi and its Tributaries monga linatulukira koyamba. Lina linasindikizidwa ku New York ndi Harper & Brothers mu 1866, ndipo osonkhanitsa mabuku amaika la ku London patsogolo. Mapu amene mukufuna kudulawo anakonza ndi John Arrowsmith, katswiri wa mapu wa ku London, kuchokera pa miyeso imene anthu a paulendowo anatenga. Akuonetsa mtsinje wa Shire, nyanja ya Chilwa imene iwo analemba kuti Shirwa, nyanja yathu yaikulu, kumunsi kwa Zambezi ndi Rovuma. David Livingstone anafika ku Chilwa mu April 1859, n'kufika kunyanja yaikulu mu September chaka chomwecho. Anabweranso mu 1861 ndi bwato, koma sanafike kumathero a kumpoto. N'chifukwa chake mukayang'anitsitsa mbali ya kumpotoyo muona kuti sikufanana ndi mapu a lero. Kutalika kwenikweni kwa nyanja kunadziwika kwa Azungu mu 1875, E. D. Young ataizungulira ndi sitima ya Ilala. Kuperewera kumeneko ndiye kukoma kwa mapuwa, koma simungakumvetse popanda mitu ya m'buku yonena pamene anabwererera ndi chifukwa chake.

Zithunzi nazo n'chimodzimodzi. M'bukumo muli chithunzi chotchuka cha akapolo ali pamzere, amuna magoli m'khosi, akazi ndi ana atamangidwa zingwe. Chikakhala pakhoma chokha, ndi chithunzi cha ukapolo chabe, cha kwina kulikonse mu Africa. Chikakhala m'buku, masamba oyandikana nacho akukuuzani kuti anali pamudzi wa Mbame, kumapiri a Shire, mu July 1861, kuti gululo linkapita ku Tete, ndiponso kuti amene anamasulidwa tsikulo anali 84. Amenewo ndi makolo a anthu ena amene tikukhala nawo lero. Mukachichotsa pa tsamba lake, mwawalanda mudzi wawo kachiwiri.

Pali amalonda kunjaku amene ntchito yawo ndi imeneyi. Amagula buku lathunthu, n'kuliphwasula, mapu kugulitsa paokha, chithunzi chilichonse pachokha, zotsalazo kutaya, chifukwa zidutswa zoika m'felemu zimayenda msanga kuposa buku lolemera. Ena amati palibe cholakwa ngati bukulo linali lowonongeka kale. Ine ndikukana. Chikuto choyoyoka si imfa ya buku, womanga mabuku amachikonza. Mapu odulidwa sabwereranso, ngakhale mutawamata, chifukwa kagawo kamene anasokerapo kamakhala katapita ndipo wodziwa amazindikira nthawi yomweyo. Buku la ulendo lopanda mapu mtengo wake umagwa kwambiri, moti ogula ambiri salifuna n'komwe. Ndipo kuno kwathu, kumene makope otere ndi owerengeka, kuphwasula limodzi ndi kuchepetsa chuma cha dziko lonse.

Zomata pulasitiki ndiye zoipa koposa. Makina ake amatenthetsa guluu kuti alowe m'kati mwa pepala, ndipo akalowa palibe katswiri angamuchotse bwinobwino. Pakapita zaka pepala limachita chikasu m'katimo inu mukuona, osatha kuchitapo kanthu. Selotepi nayo imasiya mzere wabulauni wonga mafuta umene umatulukira mpaka kuseri.

Ndipatukeko pang'ono, popeza tikunena za mapu a nyanja yathu. Amene akuyamba kusonkhanitsa asaganize kuti nkhani imayambira pa Livingstone. Mapu a Africa a Mfalansa d'Anville a 1749 ali kale ndi nyanja yaitali chakuno, dzina la Maravi lili pomwepo, kuchokera pa zimene Apwitikizi a ku Tete ndi Sena anamva kwa amalonda. Chapakati pa zaka za m'ma 1850 amishoni Jakob Erhardt ndi Johannes Rebmann, ali kufupi ndi Mombasa, anajambula chinyanja chimodzi chachikulu pakati pa Africa, chooneka ngati nkhono yopanda chigoba, ataphatikiza nyanja zingapo zimene apaulendo ankawauza. Mukaika mapu atatuwa pamodzi, 1749, a m'ma 1850 ndi 1865, mukuona bwino kuti nzeru zake zinachokera pakamwa pa anthu akuno, opalasa ngalawa, onyamula katundu ndi mafumu. Mawu oti "anatulukira nyanja" ine sindiwagwiritsa ntchito. Ngakhale dzina loti Nyassa ndi mawu a Chiyao otanthauza nyanja basi. N'chifukwa chake zimandipweteka kuona zinthuzi zikutengedwa ngati zokongoletsera makoma a malo ogona alendo.

Kuona ngati buku ndi lathunthu

Sambani m'manja, muumitse bwino. Magolovesi ayi, amachititsa kuti zala zisamve pepala ndipo mumang'amba. Ikani buku pa pilo, musalitambasule n'kuligoneka fulati, msana ungathyoke. Kumayambiriro kuli mndandanda wa zithunzi ndi masamba ake: tsatani chimodzichimodzi mukulemba papepala lina. Kutsogolo kwenikweni kuyenera kukhala chithunzi chopinda cha mathithi a Victoria, ndipo nkhani imathera pa tsamba 608. Ngati agogo analemba dzina lawo, kapena pali chidindo cha mishoni, musafufute. Chimenecho ndi mbiri ya kope lanulo.

Mapu tambasulani patebulo loyera, pang'onopang'ono, mukukumbukira dongosolo la mapindidwe kuti mubweze momwemo. Amakonda kung'ambika pamene alumikizana ndi buku, chifukwa anthu amakoka asanamalize kutambasula. Akang'ambika, chomatira choyenera ndi pepala lopyapyala la ku Japan ndi phala la sitachi ya tirigu, chifukwa zimenezi zimachoka ndi chinyezi pang'ono mtsogolo muno. Ngati simunachitepo, siyani chong'ambikacho mmene chilili mpaka mutapeza wodziwa. Ku National Archives ku Zomba komweko, kapena ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House mu Blantyre, mungafunse uphungu.

Kuti mudziwe ngati mapu kapena chithunzi n'chakale osati chokopera, tengani galasi lokuza kakhumi. Chokopera chamakono chimaoneka timadontho tandondomeko, pamene chakale mizere yake ndi yosaduka. Mapu osindikizidwa ndi chitsulo kapena mkuwa wogoba nthawi zambiri amakhala ndi kamzere kolowa m'kati kuzungulira m'mphepete, pokhapokha ngati anadula m'mbali. Zithunzi zogoba pa thabwa, ngati za m'buku lanuli, sizikhala nako, ndiye musadabwe. Pepala la m'zaka za m'ma 1700 mukaliunika kudzuwa limaonetsa mizere yotalikirana pafupifupi masentimita awiri ndi theka, koma la 1865 ndi losalala, lopanda mizereyo.

Kasungidwe

Mdani wamkulu ku Zomba ndi chinyezi cha dzinja. Pepala limafuna chinyezi cha pakati pa 40 ndi 55 peresenti, ndipo chikapitirira 65 kwa masiku angapo chuku chimayamba. Kachipangizo koyezera chinyezi n'kotsika mtengo, gulani. Bukulo lichoke m'sutikesi yapansi. Likhale pashelefu yosachepera masentimita 15 kuchokera pansi, yosagunda khoma lakunja, kutali ndi khitchini, bafa ndi windo lolowa dzuwa. Popeza chikuto chafooka, ligonekeni chogona m'bokosi la katoni yopanda asidi, kapena likulungeni m'nsalu yoyera ya thonje yochapa bwino, n'kumanga ndi kansalu kena mosathina. Labala ayi, imasungunuka n'kumatirira. Nyuzipepala ayi, ili ndi asidi. M'jumbo musasungemo kwa nthawi yaitali, imatsekera chinyezi m'kati.

Chiswe chingathe buku m'masiku ochepa, choncho yang'anani kuseri kwa shelefu mwezi uliwonse ngati pali tinjira tadothi. Mphemvu zimadya guluu wa pamsana ndi sitachi ya m'nsalu ya chikuto, ndipo n'kutheka kuti ndi zimene zayoyola lanulo. Mukaona timabowo ndi kaufa katsopano, muli tizilombo tamoyo. Musapopere mankhwala. Buku likhale louma, likulungeni m'pulasitiki ziwiri mutatulutsa mpweya, liikeni mu firiza yozizira kufika madigiri 18 pansi pa ziro kwa milungu iwiri. Mukalitulutsa musatsegule mpaka patatha tsiku lathunthu, kuti thukuta lichite kunja kwa pulasitiki osati papepala. Ngati kwanuko magetsi akuthimathima, dikirani nthawi imene akhazikika, chifukwa kusungunuka ndi kuumanso kambirimbiri kumavulaza chikuto. Madontho abulauni onga dzimbiri amene mwina mwaona m'masamba ndi achizolowezi pa mabuku a zaka zimenezo. Musayese jiki kapena mandimu. Pouma sachuluka msanga.

Tsono za pabalaza paja. Mapu mungakhale nawo pakhoma popanda kudula kanthu. Atambasuleni pamthunzi wowala, pakhonde m'mawa, mbali ya buku mutaichirikiza kuti ifanane msinkhu ndi tebulo. Jambulani ndi kamera kapena foni yabwino ili pamwamba molunjika, popanda fulashi. Musawakanikize pa fotokope. Chithunzicho kasindikizitseni pa pepala lalikulu la A2, chimenecho ndiye mumate pulasitiki kapena muike m'felemu mmene mukufunira. Chitani chimodzimodzi ndi chithunzi cha kwa Mbame, koma mujambulenso tsamba lofotokoza nkhani yake kuti zipachikidwe moyandikana. Kenako lembani ndi pensulo, papepala lapadera, dzina la agogo, kumene ankaphunzitsa ndi zaka zake, muliike m'bokosi limodzi ndi bukulo.