Ampulifaya ya LM386 ikulira phu-phu-phu: vuto lili pati?

Bambo wina wa ku Bangwe anditumizira imelo. Apanga ampulifaya yaing'ono ya LM386 (ka IC, kachipangizo ka miyendo isanu ndi itatu kokuza mawu) yoimbira nyimbo za pafoni, magetsi akutenga ku adaputa ya 12V. Akakweza voliyumu, sipika imayamba kulira phu-phu-phu, komanso pansipansi pamamveka kung'ung'udza kosatha. Anaika kapasita ya 1000µF pomwe waya wa adaputa amalowera, koma sizinasinthe. Funso lawo ndi lakuti: agule yaikulu kuposa imeneyo?

Ayi achimwene, ndalamayo isungeni. Kapasita yanuyo si yaing'ono, vuto ndi malo amene mwaiika.

IC ikamaimba siikoka magetsi mofanana nthawi zonse. Ng'oma ikagunda imafuna ambiri mwadzidzidzi, ndipo waya wautali sangawafikitse msanga chotero. Voteji imatsika pa mwendo wa 6 wa IC, womwe ndi wolowera magetsi, kutsikako kumabwerera kolowera mawu, IC n'kukukuza, zinthu n'kumangozungulira. Phu-phu-phu uja ndi ameneyo. Zili ngati mjigo uli kutali: wophika amafuna ndowa yamadzi pambali pa mbaula, ndipo kwa IC ndowayo ndi kapasita, yomwe imasunga magetsi pang'ono.

Ndiye tengani kapasita ya seramiki ya 100nF, kaja kolembedwa 104, muiwotcherere pakati pa mwendo wa 6 ndi wa 4, womwe ndi wa ground (mbali ya negetivu). Miyendo yake muidule ifupike kwambiri. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa, amasiya miyendo yaitali poopa kuti adzaifunanso pa ntchito ina. Pambali pake ikani ya electrolytic ya 220µF kapena 470µF, ya 25V, mbali ya mzere iloze ku ground. Yaikuluyo imathandiza pa mawu a besi, yaing'onoyo imameza phokoso lothamanga lomwe yaikulu siilikwanitsa. Zimafunika zonse ziwiri.

Kung'ung'udzako ndi nkhani ina. Magetsi a ESCOM ndi a 50Hz, ndipo akadutsa pa madayodi anayi a mu adaputa ya thiransifoma amasiya kafunde ka 100Hz. Ikani kapasita ya 10µF kuchokera pa mwendo wa 7 kupita ku ground, mudzamva kusiyana. Ngati mukugwiritsa ntchito ma adaputa opepuka aja onga machaja a foni, phokoso lake limakhala loswiswiza, ndipo ena otchipa a mumsika wa Limbe ine sindiwalola kufika pafupi ndi ampulifaya. Yesani ndi batire yatsopano ya 9V: kung'ung'udza kukatha, wolakwa ndi adaputa.

Onaninso ground. Waya wobwerera kuchokera ku sipika asayende njira imodzi ndi ground ya mawu olowa, aliyense akhale ndi wake mpaka akakumane pa kapasita ya 220µF kapena 470µF ija. Ndipo ngati pali 10µF pakati pa mwendo wa 1 ndi wa 8, IC ikukuza mawu ka 200 m'malo mwa ka 20. Foni siifuna zonsezo, ichotseni.

Musanalumikize, yezani voteji ya adaputayo ndi mita. Ya thiransifoma yolembedwa 12V imatha kutulutsa 16V ikakhala isanalumikizidwe ku chipangizo chilichonse, pamene LM386N-1 inapangidwira 4V mpaka 12V.