Za anthu a ku Marshall Islands: bala lina lili m'mutu

Achemwali, mwafunsa kuti popeza America anasiya kuyesa mabomba a nyukiliya ku Marshall Islands (zilumba za m'nyanja ya Pacific) mu 1958, bwanji anthu akumeneko akuvutikabe maganizo, kodi vuto si khansa yokha? Ayi ndithu.

Yambani ndi malo. Kwa iwo malo amatsata kuchikazi, ngati kwathu kwa Achewa. Ndiye mu 1946 asilikali a America atasamutsa anthu 167 pa chilumba cha Bikini kuti ayeserepo mabomba, nkuwauza kuti nzakanthawi chabe, anawachotsa pa dothi la amayi awo ndi manda a makolo. Ku chilumba cha Rongerik, komwe anawapititsa, anatsala pang'ono kufa ndi njala. Kenako anawatula pa Kili, kachilumba ka mafunde aukali komwe kupha nsomba nkovuta. Bambo wodziwa nyanja nkusanduka wodikira chakudya cha m'zitini, mtima ungakhale m'malo?

Koma chimene chimandiwawa kwambiri ndi cha ku Rongelap, chilumba china cha komweko. Pa 1 Malichi 1954 bomba lotchedwa Bravo litaphulika ku Bikini, ku Rongelap kunagwa phulusa loyera ngati ufa, ana nkumaseweretsa. Kenako kusanza, khungu kupsa, tsitsi kuthothoka. Anawasamutsa patapita masiku awiri, ndipo mu 1957 anawabweza kuti kuli bwino. Madokotala ankabwera chaka ndi chaka kudzatenga magazi, anthu nkumadzifunsa kuti kodi akutichiza kapena akutiyeserera? Panabwera matenda a chithokomiro. Amayi ankapita padera, ena kubereka ana osaumbika bwino, nkumabisa chifukwa cha manyazi, poganiza kuti alakwira mwambo. Lekoj Anjain, yemwe anali wachaka chimodzi tsiku la phulusalo, anamwalira ndi khansa ya m'magazi mu 1972. Mu 1985 anthuwo anachoka okha, atakwera sitima ya bungwe loteteza chilengedwe la Greenpeace kupita ku chilumba cha Mejatto.

A ku Bikini nawo ena anabwerera atauzidwa kuti poizoni watha, koma mu 1978 anawachotsanso, matupi atadzaza poizoni wa nyukiliya wotchedwa cesium wochokera mu kokonati.

Tsono taganizani, poizoni wake saoneka, sanunkha. Mayi akamapatsa mwana nsomba kapena kokonati sadziwa ngati akumudyetsa kapena akumupha. Mwana akangotentha thupi, maganizo athamangira ku bomba. Ndipo amene angamutsimikizire kuti zili bwino ndi omwewo amene mawu awo anapita pachabe kale. Nkhawa yoteroyo siitha ndi mapiritsi, ndipo zidzukulu zobadwira ku chilumba cha Ebeye kapena ku Springdale, Arkansas, ku America, zimakula zikumva za kwawo komwe sizinapondeko phazi.